Mwana Akatumidwa ndi Kaderno kwa Agogo Ake

Mu 2004, pamene Unduna wa Maphunziro unayambitsa ndondomeko yatsopano ya sukulu za pulayimale m'Mozambique muno, unaikamo cinthu cimene makolo ambiri a kuno ku Chifunde sanafotokozeredwe bwino mpaka lero. Pa nthawi yonse imene mwana amakhala m'kalasi, gawo limodzi mwa magawo asanu, ndiye kuti 20 pa 100 alionse, linapatulidwa kuti likhale la zinthu za kwao kwa mwanayo. Pa Cipwitikizi amati currículo local. Akatswiri a ku INDE, ku Maputo, amene analemba ndondomekoyi, anafuna kuti zophunzira za m'gawo limeneli zisacokere ku likulu. Zicokere kwa makolo, mafumu, alimi ndi amisiri a pamalopo, ndipo mphunzitsi azilowetse m'masamu, m'mbiri, m'sayansi ndi m'maphunziro ena onse.

Papita zaka zoposa 20. Ana oyamba kuphunzira m'ndondomekoyi tsopano ali ndi ana awo kusukulu, conco nthawi yakwana yoti mbewuyi tiiyezere m'nkhokwe, osati pa mmera. Ife makolo currículo local timaionera pa cinthu cimodzi: mwana kubwera madzulo ndi kaderno m'manja, n'kunena kuti aphunzitsi atituma tikafunse akuluakulu. Funso langa lili pa mwanayo. Akamabwerera kusukulu m'mawa, wadziwa ciyani za iye mwini ndi za anthu ake cimene dzulo sankacidziwa?

Nchito yanga ya pa wailesi ndi yofunsa anthu mafunso, ndipo m'midzi imene ndimapita kukajambula mawu ndaona makaderno otere ambiri. Ciweruzo canga n'cakuti ganizo linali labwino, koma nchito zambiri zimene ana amapatsidwa zimawatuma kukatenga yankho limene mphunzitsi ali nalo kale m'thumba. Zocepa zokha n'zimene zimawatuma kukafuna cinthu cosadziwika, ndipo n'zokhazo zimene zimasiya cizindikiro mwa mwana.

Nchito ya mndandanda

Mtundu woyamba aliyense wauona. Mwana amauzidwa kuti alembe magule anayi a kwao, zakudya zisanu, mitsinje iwiri, mitengo ya mankhwala itatu. Akafika kunyumba, mayi ake ali pamtondo amamuyankha osaleka kusinja: gule wamkulu, cimtali, citelele, cisamba, nsima, nkhwani, cigwada, therere, thobwa, Luia ndi Capoche. Mphindi zisanu nchito yatha. Caka camawa mng'ono wake amapatsidwa nchito yomweyo, ndipo ngati ciswe sicinadye kaderno la mkulu wake, amangokopera.

M'mndandandawu mulibe bodza. Vuto lake n'lakuti mwana sanapeze ciliconse cimene sankacidziwa asanayambe sukulu. Cimene watola n'cina, ndipo si cabwino: waona kuti mudzi wake ndi kanthu kakang'ono kotha pa tsamba limodzi, pamene za maiko akutali zimadzaza buku lonse. Mwana wotere akadzakula n'kumanena kuti kwathu kulibe mbiri, tisadzamudabwe. Tinamuphunzitsa ndife.

Ndikupemphani muwerenge bwino kalembedwe ka m'makaderno amenewa. Mtsikana wobadwira pano, amene dzulo lomweli anali pabwalo kuvina cimtali, amayamba ndi mawu oti a população local, kenako n'kupitiriza ndi eles, ndiye kuti "iwo". Iwo amadya nsima. Iwo amakhulupirira mizimu. Liwu loti "ife" silioneka. Kalembedwe aka kali ndi eni ake. António Gamitto, msilikali wa Cipwitikizi amene anadutsa dziko la Amaravi ndi Acewa mu 1831 ndi 1832 pa ulendo wopita kwa Kazembe, analemba zimene anaona m'buku limene linatuluka mu 1854. António Rita-Ferreira, amene anagwira nchito m'boma la atsamunda, anatulutsa Os Cheuas da Macanga mu 1966. Mabukuwa ali ndi phindu, ndipo popanda iwo zambiri zikanaiwalika. Koma analembedwa ndi alendo, kulembera alendo anzawo, ndipo kwa iwo liwu loti "iwo" linali loyenera. Mwana wa ku Mualadzi akalitengera, waphunzira kudziyang'ana ngati wapaulendo wongodutsa. Tikumbuke kuti Mualadzi yemweyo nthawi ya atsamunda ankachedwa Vila Gamito. Dzina lija linacoka pa mapu, koma diso la mlendo latsalira m'makaderno a ana athu.

Nchito ya funso

Mtundu waciwiri ndi wosowa, koma ulipo, ndipo aphunzitsi amene amaupereka ayenera kuthokozedwa. Mphunzitsi amapereka funso limodzi limene iye mwini sangathe kuliyankha. Titenge citsanzo ici: banja lanu linali kuti mu 1990, ndipo linkadya ciyani?

M'midzi ya m'malire muno funso limeneli siliyankhidwa pamtondo. Nkhondo ya zaka 16 inabalalitsa mabanja. Ena anathawira kwa abale ku Katete ndi ku Chadiza. Ena anakakhala ku Ukwimi, m'dera la Petauke, kumene boma la Zambia ndi UNHCR anakhazika othawa nkhondo a kuno. Ena analowa Malawi, dziko limene pa nthawi ina linasunga Amozambique oposa 1 miliyoni. Ena anabisala m'mapiri osaoloka konse. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo m'zaka zotsatira anthu anayamba kubwerera kumabwinja. Mwana wa zaka 12 lero amadziwa tsikuli cifukwa kusukulu sapita, koma kawirikawiri sadziwa kuti mayi ake anabadwira kuti.

Taonani zimene zimamucitikira mwana ameneyu akanyamula funsoli. Coyamba ayenera kuphunzira kafunsidwe. Sangaime ciriri ndi kaderno m'manja ngati wa kalembera. Ayenera kudikira agogo amalize kudya, akhale pansi, aombe m'manja, ayambe ndi nkhani zina. Ife a pa wailesi timadziwa kuti nkhani yeniyeni imabwera funso lacitatu litapita, ndiponso pamene wofunsayo watseka pakamwa pake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa zimacitika zodabwitsa. Mwana amene kusukulu amayesedwa mbuli cifukwa Cipwitikizi cimamuvuta angapezeke kuti ndiye katswiri, poti agogo amamasuka naye. Uja wa manota apamwamba angabwere cimanjamanja cifukwa ca phuma. Onse awiri adziwa kanthu ka iwo eni kamene bolodi silikanawauza.

Caciwiri, amapeza kuti akuluakulu sagwirizana. Agogo aakazi akuti tinacoka usiku mvula isanagwe. Atsibweni akuti ayi, cimanga cinali citakhwima, tinkakazinga m'njira. Mayi akuti ufa wa cithandizo unali wosakoma, azakhali akuti ndi womwewo unatipulumutsa. Mwana ali ndi mayankho anayi, koma m'kaderno anasiya malo a yankho limodzi. Maphunziro enieni amayambira pamenepa. Ayenera kubwereranso: inu munali ndi zaka zingati? Munacokera mudzi uti? Munaolokera pati? Mwina adzapeza kuti onse akunena zoona, kungoti sanathawe tsiku limodzi. Mwinanso adzapeza kuti wina akubwereza zimene anangomva ali wakhanda kumsana. Akatswiri a mbiri ku mayunivesite nchito yawo ndi yomweyi, kuika umboni pambali pa umboni unzake n'kuona kulemera kwake. Mwana wa kalasi yacisanu angathe kuicita pakhonde la agogo ake.

Cacitatu, zinthu za m'nyumba mwake zimayamba kumveka. Adziwa cifukwa cake mayi ake amawerenga Cingelezi koma kalata ya kusukulu ya Cipwitikizi imawakanika. Adziwa cifukwa cake manda a agogo aamuna ali tsidya. Adziwa cifukwa cake dzina la banja linalembedwa Mwale pa cikalata cina, Muale pa cina. Asanafunse, zimenezi zinali zamanyazi pang'ono, zosachula pamaso pa anzake. Atafunsa, zasanduka mbiri ya anthu amene anayenda usiku ndi ana kumsana n'kupulumuka. Mwana amene wadziwa kuti ndi mdzukulu wa anthu otere amakhala mosiyana pa benchi.

Funsoli lili ndi minga, ndipo tisabise. Anthu amene anali mbali ziwiri za nkhondo lero amatunga pacitsime cimodzi. Mphunzitsi wanzeru satuma ana kukafunsa kuti anaocha mudzi ndani. Amafunsa za ulendo, za cakudya, za cimene munthu anasankha kusenza pamutu n'kusiya zina. Amauzanso ana kuti gogo akakhala cete, asamuumirize. Alembe kuti apa agogo sanafune kunena. Kumeneko nakonso n'kudziwa mudzi wako.

Malire a m'buku ndi malire a pansi

Colakwika cina ca nchito zimene ndaona n'cakuti liwu loti local amalimva ngati likuthera pamene boma lathu lathera. Mapu a m'buku amafika pa mzere, kupyola apo pepala n'loyera. Koma mwana wa ku Cassacatiza amadziwa kuti tsidya la Chanida kuli msika, kuli azakhali, kuli maliro amene banja lonse limapitako. Mzere umenewu anagwirizana ndi Britain ndi Portugal mu 1891, ndipo unadula dziko la Undi pakati. Likulu la Undi, Mano, linali mbali ino, m'dera la mtsinje wa Capoche. M'zaka za m'ma 1930 Undi anasamukira tsidya la Angelezi, ndipo lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika, ku Katete, kumene mafumu a Acewa a maiko atatu amasonkhana pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti. Conco mwana akafunsidwa kuti mfumu ya kwanu ndani, nanga pamwamba pake pali yani, yankho loona limaoloka malire. Mwana amene walemba kuti mfumu yathu yaikulu ili ku Zambia sanalakwe, ndipo sayenera kudulidwa ndi colembera cofiira. Iye ndi nzika ya Mozambique, ndiponso ndi mwana wa Kalonga. Nchito yabwino imamulola kunyamula ziwirizi popanda kubisa cimodzi.

N'cimodzimodzi ndi nchito yojambula mtengo wa banja. Cithunzi ca m'buku cimaika bambo pamwamba monga mutu wa zonse. Kwathu kuno ambiri timatenga ciwongo kwa bambo, koma mudzi, munda ndi ufumu zimatsata bere la mayi, ndipo mwini mbumba ndi atsibweni. Mwana akayesa kulowetsa banja lake m'cithunzico amapeza kuti mulibe malo a atsibweni ake, munthu amene amaitanidwa pakagwa mlandu kapena pakabwera ofunsira mbeta. Mphunzitsi wa mndandanda amati jambula monga zilili m'buku. Mphunzitsi wa funso amati jambula zithunzi ziwiri, utiuze pamene zikusiyana. Kwa woyamba mwana amaphunzira kuti kwao n'kolakwika. Kwa waciwiri amaphunzira kuti anthu amamanga banja m'njira zosiyana, ndipo ya kwao ndi imodzi mwa izo, yokhala ndi malamulo ake.

Ngakhale masamu ali ndi malo ake pano. Mwana wa m'malire amadziwa metikali, amadziwa kwacha ya Zambia, ena amadziwanso ya Malawi. Mutumeni akafunse mtengo wa lata ya cimanga pokolola ndi mtengo wake mu Januwale, mbali ino ndi tsidya, awerengetse kuti wapindula ndani pakati pa wogulitsa ndi wogula. Kapena, makolo akalola, alembe ngongole ya feteleza imene banja linatenga ku kampani ya fodya, aicotse pa ndalama za mabelo, aone zotsala. Mwana wotere adzadziwa cifukwa cake nsapato sizinagulidwe caka cino, ndipo adzaleka kuganiza kuti bambo ake ndi ouma manja. Mu 2024, pamene cilala ca El Niño cinapsereza minda ku Tete, ku Zambia ndi ku Malawi, mwana aliyense anali ndi masamu m'mbale yake ya nsima. Masamu amenewo anayenera kufika pa bolodi.

Khomo lotseka

Palibe nchito imene imaperekedwa kawirikawiri kuposa ya gule wamkulu, ndipo palibe imene imalakwika kuposa imeneyi. Kuyambira 2005, pamene UNESCO inalengeza kuti gule wamkulu wa Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi, aliyense akufuna ana alembe za gule. Mphunzitsi wocokera kutali, ku Beira kapena ku Quelimane, wopanda coipa mumtima, amafunsa zinthu zosafunsidwa: zilombo zimacokera kuti, kudambwe kumacitika ciyani. M'kalasi mwake muli anyamata ometa amene sangayankhe, osameta amene sayenera kudziwa, atsikana, ndi ana a machalichi amene amaletsa ngakhale kuonerera. Funso limodzi laika onsewa pamoto, ndipo kumudzi akuluakulu amayamba kuona sukulu ngati kazitape.

Komabe mwana akagunda pakhomo lotseka waphunzirapo kanthu. Wadziwa kuti kwao kuli nzeru yokhala ndi eni ake, nthawi yake ndi njira yake yolowera, ndiponso kuti kukhala ndi colembera si cilolezo. Sukulu imati ciliconse codziwika cilembedwe. Mudzi umati zina zimasungidwa m'cifuwa. Mwana ali pakati pa malamulo awiriwa moyo wake wonse, ndipo nchito yabwino imamuthandiza kuwaona onse awiri m'malo momukankha kuti aswe limodzi.

Za pabwalo, zimene aliyense amaona masana, n'zokwanira kudzaza makaderno. Gule amatuluka pa nthawi ziti, pa maliro, pa bona, pa cinamwali, polonga ufumu, ndipo n'cifukwa ciyani pa nthawi zimenezi? Simoni ndi Maliya akabwera pabwalo anthu amaseka ciyani, ndipo amene akusekedwa ndani? Koposa zonse, mbiri ya guleyo ndi funso lokoma. Amishoni ankalimbana naye. Ufulu utabwera mu 1975, boma latsopano linkaika miyambo yotere m'gulu la obscurantismo, zinthu za mdima zobwezera anthu m'mbuyo. Patapita zaka 30, gule yemweyo anasanduka ulemu wa dziko. Cinasintha n'ciyani, gule kapena maso a boma? Akuluakulu amene anaona nyengo zonsezi akadali moyo, ndipo pa funso limeneli palibe cinsinsi cimene cikuululidwa.

Pa cinamwali vuto ndi lina. Ana amalemba zotamanda zokhazokha, poti aona kuti n'zimene zimabweretsa nota yabwino. Koma taganizirani mtsikana wa kalasi yacisanu ndi cimodzi amene wakhala pansi n'kulemba ciwerengero ca anzake amene anayamba nawo kalasi yoyamba, n'kufunsa kuti amene sakuonekawo ali kuti. Ena akwatiwa, ena ali kumunda wa fodya, anyamata ena ali ku maenje a golide. Mtsikana ameneyu wacita kafukufuku weniweni, ndipo wokhudza tsogolo lake lomwe. Lamulo 19/2019 limaletsa ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ndipo iye ayenera kulidziwa. Sindikunena kuti anamkungwi ndiwo amacotsa ana kusukulu. Ambiri amaphunzitsa ulemu ndi kudzisamala, ndipo umphawi ndi kutalika kwa sukulu za sekondale zili ndi mlandu waukulu. Cimene ndikunena n'cakuti nchito yolola mwana kutamanda kokha, yosamulola kufunsa, ikumuphunzitsa kunama mwaulemu. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Mwana amene amakonda mudzi wake ali ndi ufulu woona nyererezo n'kufunsa akuluakulu kuti ticite nazo ciyani.

Dzina lathu m'mabuku a ena

Pali funso lina limene likudikira ana athu pafupi pomwepa. Mu 1907 Mjeremani wina, Carl Wiese, anakumba m'phanga la Chifumbazi, m'boma lathu lino, n'kupeza mapale a mbiya zamakedzana. Pathanthwe pomwepo pali zojambula za anthu akale. Patapita zaka, katswiri wa zofukula pansi David Phillipson anatenga dzina la malowa n'kulipereka ku cikhalidwe conse ca alimi oyamba osula citsulo amene anafalikira kum'mawa ndi kumwera kwa Africa pafupifupi zaka 2,000 zapitazo. Ophunzira a ku London, ku Nairobi ndi ku Johannesburg amakumana ndi dzina loti Chifumbaze m'mabuku awo. Funsani ana athu ngati analimvapo m'kalasi. Ku Malawi, zojambula za pa matanthwe a Chongoni, ku Dedza, zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo zina mwa izo zinajambulidwa ndi amayi a Cicewa pophunzitsa anamwali. Nanga za kuno akuluakulu amati anajambula ndani? Akafula? Makolo athu? Mwana akamva yankho la agogo, n'kumvanso la m'buku, n'kuziika pamodzi, wadziwa kuti malo amene amadyetsako mbuzi ali ndi dzina pa dziko lapansi.

Kufunsa pa Cinyanja, nota pa Cipwitikizi

Ngakhale funso likhale labwino, pali pena pamene nchito zambiri zimafera. Mwana amafunsa pa Cinyanja, amamva pa Cinyanja, koma ayenera kulemba pa Cipwitikizi, ndipo nota imaperekedwa poona kalembedwe ka Cipwitikizico. Mawu onga mbumba, bona, cikamwini ndi dambwe alibe anzawo ofanana nawo ndendende m'ciyankhulo ca kusukulu, conco mwana amangowasiya. Mwambi wa agogo, kuseka kwawo, pamene anayamba kaye apuma, zonse zimatsala pakhonde. Cimene cimafika kwa mphunzitsi ndi gaga, ufa watsala m'mtondo. Mwana amene anamva zambiri ndiye amavutika kwambiri kulemba, ndipo nthawi zina ndiye amalandira nota yocepa.

Codabwitsa n'cakuti cigawo cathu ndico cinatsogola pa nkhani imeneyi. Kuyambira 1993 mpaka 1997, pulojekiti ya PEBIMO inayesa kuphunzitsa ana m'ziyankhulo ziwiri, Cinyanja ndi Cipwitikizi ku Tete, Xichangana ndi Cipwitikizi ku Gaza. Kucokera mu 2003 maphunziro otere anayamba m'sukulu zina za m'zigawo zosiyanasiyana. Malamulo aakulu a dziko a 2004 amati boma limalemekeza ziyankhulo zathu monga cuma ca cikhalidwe ndi ca maphunziro, ndipo Lamulo 18/2018 la maphunziro limavomereza kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri. Palibe lamulo loletsa mwana kulemba mawu a agogo ake monga anawamvera. Alembe kaye pa Cinyanja tsamba limodzi, amasulire pa Cipwitikizi tsamba linalo, monga momwe kabuku kano kalili. Pomasulirapo adzagundana ndi mawu okana kuoloka, adzafunsa mnzake, adzayesa njira zitatu. Pamenepo adzazindikira kuti ziyankhulo ziwiri zimene ali nazo si katundu wolemetsa koma luso, lomwe ife ena timadyera pa wailesi.

Aphunzitsi tisawasenzetse mlandu wonse. Ambiri ali ndi makalasi odzaza, mapepala alibe, anatumizidwa kuno kucokera kutali, ndipo mayeso omaliza, amene amakonzedwa kwina, safunsa za Mano kapena za mtengo wa lata ya cimanga. Munthu wopanikizika amathamangira cimene cidzafunsidwe pa mayeso. Ifenso makolo tili ndi gawo lathu. Mwana akabwera ndi kaderno timati ndatopa, kapena timati za kusukulu akafunse aphunzitsi amene amalandira malipiro. Conselho de Escola, mmene muli makolo ndi atsogoleri a m'mudzi, ndi malo oyenera kukhalira pansi kumayambiriro kwa caka n'kusankha mafunso atatu kapena anayi. Mfumu ndi anamkungwi akakhalapo posankha, adzanena okha kuti ili funsani, ili siyani, ndipo mphunzitsi wacilendo sadzapondanso pa moto wosauona.

Kaderno libwerere kumene linacokera

Pomaliza tifunse kumene makaderno amenewa amathera. Mphunzitsi amaika nota, caka cimatha, mapepala amakulungira zitumbuwa pamsika kapena amapicirira fodya. Gogo amene anapereka madzulo ake onse, amene mwina anatsegula bala lakale kuti mdzukulu apeze colemba, samva kuti mawu ake anafika pati. Caka camawa wina akabwera, adzamuyankha mwacidule, ndipo sitingamuimbe mlandu.

Kukonza kwake sikufuna ndalama za ku Maputo. Potseka temu, ana awerenge nchito zawo pabwalo, pamaso pa anthu omwe anafunsidwa. Akuluakulu adzakonza: ayi, sunali mtsinje umenewo, ayi, uja anali mlongo wake, osati mkazi wake. Adzatsutsana okhaokha, ndipo ana adzamva zina zatsopano. Ife a wailesi tili ndi makina ojambulira mawu ndipo nthawi ya mapulogalamu a ana ilipo. Sukulu isunge nchito zingapo zabwino m'bokosi, kuti kalasi ya caka camawa iyambire pamene anzawo analekezera, m'malo molembanso magule anayi omwe aja. Mwana amene wawerenga pamaso pa mudzi wonse zimene anapeza yekha, mfumu n'kugwedeza mutu, wadziwa kuti mawu ake ali ndi kulemera, ndiponso kuti akalemba bodza pali anthu omufunsa.

Nthawi siili mbali yathu. Amene anaona nkhondo ya ufulu ikulowa m'Tete mu 1968, amene anakhalapo m'midzi yokakamiza ya atsamunda, amene anatsogolera mabanja pothawa ndi pobwerera, tikuwaika m'manda caka ndi caka. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalonso limauma. Conco inu mayi, inu atsibweni, mwana akabwera madzulo ano ndi kaderno, musamuyankhe muli ciimire. Ngati watumidwa mndandanda, mupatseni, kenako muonjezere funso lanu: nanga ukudziwa cifukwa cake? Akati sindidziwa, mulozereni khomo la agogo ake, apite akadali ndi womuyankha.